Nsungwi Ziwiri pa Dziwe la Alendo

Amuna anga ali ndi matenda akugwa. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa tinawabisa zaka zambirimbiri ndipo kunong'ona ndinatopa nako. Matendawa anawayamba ali mnyamata, ine ndinalowa m'banja ndikudziwa. Akamamwa mankhwala a kuchipatala amatha nthawi yaitali osagwa, mpaka munthu n'kuyamba kuiwala. Koma madzi saiwala khwawa. Chaka chimene ndikunenachi tinali kudimba tikubandira mbatatesi, ndinangomva khasu lagwa, potembenuka n'kupeza munthu ali pansi pakati pa mizere akuphiriphitha, thovu lili kukamwa. Ndinawagoneka cham'mbali n'kukhala pomwepo mpaka anatsitsimuka. Atadzuka anasasa dothi n'kundipempha kuti ndisauze munthu.

Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti wodwala matenda amenewa umamutalikitsa ku zinthu ziwiri, moto ndi madzi. Ndili mtsikana, mayi wina wa m'mudzi mwathu anagwa akuchapa kumtsinje, n'kufera m'madzi olekeza m'akakolo. Za moto ndinkazikwanitsa ndekha, nyengo yachisanu mbaula inkakhala mbali yanga. Za madzi ndiye abambo anandipita pansi.

Anapeza ntchito pa loji ina ya m'mphepete mwa phiri, kumtunda kwa Boma, pakati pa mitengo ya paini. Anawalemba kuti azisamalira maluwa ndi kutchetcha kapinga, ine n'kuti zikomo Ambuye, munthu akagwera pa maluwa amangothyola maluwa. Pa lojiyo panali dziwe la simenti losambiramo alendo. Inde, dziwe losambiramo ku Dedza, kuno kumene mu Juni ukasamba m'manja umayamba kuuzira zala. Alendo ambiri ankangoviika chala chakuphazi, kujambulitsa, basi ulendo wa ku bulangete. Komabe madziwo ankafunika aziwala tsiku lililonse, chifukwa chimene chinkaitana alendo ndi zithunzizo. Bambo amene ankasamalira dziwelo atasamukira ku Lilongwe, ntchito yake anaiwonjezera kwa amuna anga. Iwo anavomera, kunyumba osanena.

Ndinadzionera ndekha tsiku lina nditapita ndi dengu la kabichi kukhitchini ya lojiyo. Ndikuzungulira kuseri ndinawaona ataima kumapeto kwa dziwe, mbali yakuya, zala zakuphazi zili pamlomo penipeni pa matailosi onyowa, atawerama ndi chisefa cha mpini wautali kuposa iwo. Ankawola masamba a paini, aja owonda ngati singano, amene amayoyoka osapuma. Mwera umawomba kuchokera kumasitepe, kumene madzi amalekeza m'chiuno, n'kukankhira zinyalala zonse kokuya, kumene munthu wamtali amamira atakweza manja. Ndiye ntchito yonse inali komweko. Kusambira sadziwa. Ife a kumapiri kuno madzi timawadziwa a m'ngalande ndi a pachitsime. Ndinafuna kukuwa koma ndinaopa kuwadzidzimutsa, ndiye ndinangoima ndi dengu pamutu mpaka anachoka pamlomopo.

Atafika kunyumba sindinadikire kuti akhale pansi.

"Bambo, mwatopa nane? Mukufuna anthu azinditchula wamasiye?"

"Mayi, mankhwala ndikumwa."

"Kudimba kuja simunkamwa?"

Iwo anati, "Ndiye nditani? Ndikawauze abwana kuti ndimagwa? Ndikanena lero, mawa ndili pakhonde pano kuwerenga nkhuku."

Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti sankanama. Kumakina ocheka matabwa kumene ankagwira kale anagwa kamodzi kokha, sabata yomweyo anawauza kuti ntchito yachepa. Ndipo anthu akwathu ambiri amakhulupirirabe kuti ukakhudza thovu la munthu wakugwa, kapena ukapuma mpweya umene watulutsa, nawe watenga. Kuchipatala amati n'zabodza, ine ndapukuta thovu limenelo ndi chitenje changa zaka zonsezi ndipo ndili bwinobwino, koma anthu sauzika. Munthu akagwa amangomuzungulira chapatali atagwira mphuno. Pamtunda zimenezo ndi manyazi chabe. Nanga m'madzi, ndani akanadumphiramo kukawavuula?

Kuyambira tsiku limenelo mtendere unandithawa. Ndikamva njinga yamoto ya kabaza ikuchepetsa liwiro pafupi ndi kwathu, ndinkangoti basi, uthenga uja wafika. Ndikamathirira kudimba ndinkaona madzi akudzaza mumzere n'kuyamba kuganiza za mphuno zawo. Korona ndinkapemphera ndikuyenda, mikanda ikudutsa m'zala koma mutu uli kudziwe. Kumphakati, nthawi yopereka zopempha, ndinkangoti, "Tipempherere chosowa china cha pabanja pathu," amayi anzanga n'kumayang'anana poganiza kuti abambo apeza mkazi wina. Ndinawasiya aganize zimenezo, zinali zopepukirapo.

Nzeru yoyamba ndinaitenga kudimba komweko. Ife timathirira ndi madzi a mumtsinje amene timawapatutsira m'ngalande, ndipo pamene ngalande imalowa mu paipi masamba amakonda kutseka. Malemu bambo anga anandiphunzitsa kugoneka nsungwi chopingasa, mopendekera, itangokhudza madzi pamwamba. Madzi amadutsa pansi, masamba amatsetsereka motsatira nsungwiyo n'kukadziunjika okha pakona, iwe n'kumangowola. Ndinati, si zomwezi? Dziwe ndi madzi, masamba ndi masamba. Ndinadula nsungwi yaitali, kumapeto kwake ndinamangirira thumba limene ndinasoka ndi neti yakale yong'ambika, n'kukayesa pangalande. Ndinakhuthula masamba a paini dengu lonse, onse analowa m'thumba ngati mbuzi m'khola. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda monyada, anthu m'njira n'kumadabwa kuti ndatola chiyani.

Abambo anayamba akana, amvekere ndiwachititsa manyazi. Ndinawauza kuti asankhe, nsungwi kapena ndipite ndekha kwa abwana ndikanene zonse. Anasankha nsungwi. Abwana awo anali mayi wachitsikana wochokera ku Lilongwe amene ankayang'anira lojiyo. Abambo anawauza kuti chisefa chija chikuwapweteketsa msana, ndipo mayiyo analola kuti tiyese tsiku lopanda alendo.

Tinapita Lolemba m'mawa. Ndinafunsa pamene pali paipi, anandionetsa kumasitepe, ine n'kugoneka nsungwi yanga pomwepo monga timachitira kudimba. Tinadikira. Masamba ali phee kokuya kuja, nsungwi ili phee kuno. Khukhi wa pa lojiyo, bambo wonenepa woseka ndi mimba yomwe, anatuluka akupukuta manja.

"Alamu," anatero, "mwina muwaitane. Masambawa sanamve kuti kuli msonkhano."

Ndinawayang'ana ndi diso limene ana anga amalidziwa bwino. Koma ndinali nditaona kale pamene ndaphonya. Madzi a m'dziwe sayenda. Moyo wanga wonse madzi ndinawadziwa akutsika phiri, oima ndinkawaona mumtsuko mokha. Paipi ija inkangolavula pang'ono magetsi akakhalapo, ndipo tsiku limenelo anali atazima. Amuna anga anati motsitsa mawu, "Mayi, zatha, nyamulani nsungwi yanu." Ndinainyamula. Ndikupita kugeti ndinacheuka, n'kuwaona atatenga chisefa akubwerera pamlomo pomwe paja. Ndinalira njira yonse, nsungwi ili paphewa, osasamala za ondiona.

Panapita masabata ndikudya osamva kukoma. Tsiku lina ndikuuluza nyemba pabwalo ndinaima molakwika, mphepo n'kundibwezera mankhusu onse kumaso. Ndinatukwana mphepo, ndinatukwana nyemba, kenaka ndinatembenuka n'kuima bwino. Mankhusu anauluka n'kukaunjikana patsinde pa nkhokwe, malo amodzi, popanda wowasesa. Ndinatsala nditaima, lichero lili m'mwamba. Pouluza suthamangitsa mankhusu, umangodziwa poima. Dziwe lija linali nawo mtsinje wake, koma mtsinjewo unali mwera, ndipo ine ndinatchera nsungwi kumene mwera umachokera m'malo mwa kumene umapita.

Nyemba ndinazisiyira nkhuku, n'kupita kwa achimwene anga amene amakonza njinga ndi kukhoma ndowa pamsika. Iwowa za matendawa ankadziwa. Ndinajambula pansi ndi chala: nsungwi ziwiri zolumikizana mbali imodzi, zoyasama mbali inayo kuyang'ana kochokera mphepo, thumba polumikizirapo. Chinthucho chikhale kokuya, chizimeza chokha zimene mwera wabweretsa.

"Chabwino, chadzaza," anatero achimwene. "Akachichotsa ndani kokuyako? Si alamu omwewo?"

Apo ndiye tinakhalitsa. Pomaliza tinagwirizana kuti nsungwizo tizilumikize ndi malegeni odula ku chubu chakale cha njinga, kuti zizitseguka ndi kutsekeka ngati sizasi, ndipo kunsonga kwa iliyonse kukhale chingwe chofika mbali ya kumasitepe. Ukamangirira zingwezo pa zikhomo zotalikirana, kukamwa kumayasama. Ukazimasula n'kukoka zonse pamodzi, nsungwi zimatsekera zinyalala pakati, chinthu chonse n'kubwera kwa iwe, n'kukwera pa lata lakale logonekedwa pamasitepe mpaka kufika pa kapinga. Munthu osayandikira madzi.

Kunena n'kosavuta. Lolemba lililonse tinkakayesa, ndipo lililonse linkabwera ndi zake. Thumba linamira litanyowa, masamba n'kumadutsa pamwamba. Tinamangirira mabotolo apulasitiki, linayandama kwambiri, masamba n'kumadutsa pansi. Achimwene anati tithire madzi theka m'mabotolomo, ndiye mlomo wa thumba unakhala ndendende pamwamba pa madzi. Nsungwi ina inali yong'aluka, inamwa madzi n'kupendeketsa zonse. Tsiku lina kunacha ndi nkhungu, mphepo kulibe, chinthu chathu chinangokhala pamasitepe ngati nkhuku yonyowa, mpaka tinawonjezera chingwe chachitatu chozungulira pa thunthu la paini kuseri kwa mbali yakuya, choti azichikokera kumeneko ataima pamtunda. Achimwene ankasangalala nazo, kwa iwo anali masewera. Ine pakati pa Lolemba ndi Lolemba linzake ndinkadziwa pamene amuna anga aima.

Tsiku limene chinagwira ntchito mwera unali wamphamvu. Tinachitsetseretsa pa lata, mphepo inachikankhira kokuya, chinayasama, masamba n'kuyamba kulowa okha. Abwana anajambula ndi foni, amvekere alendo akakhalapo tizichichotsa chifukwa kukongola ndiye kulibe. Akhukhi anati, "Alamu, lero msonkhano wachitika." Amuna anga anamwetulira. Anatenga nyundo n'kuyamba kukhoma zikhomo pafupi ndi matailosi, kenaka anatulutsa mpeni kuti afupikitse zingwe.

"Musadule," ndinatero.

"Chingwe chonsechi n'chachiyani, mayi? Tikumangira ng'ombe?"

Sindikanayankha pamaso pa anthu. Ndinadikira kuti abwana alowe mu ofesi. Ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi: munthu akagwa ataima pachikhomo, mutu wake ufika pati? Wakugwa sasankha kogwera, ndipo akagwa amaphiriphitha n'kusuntha. Za kuti kumasitepe n'kosaya ine sindinkawerengera, ndinkakumbukira mayi wa kumtsinje uja. Ndinawauza abambo kuti agone pa kapinga. Anaseka, ankayesa ndikufuna ndione ngati msana ukupwetekadi, n'kugona chagada. Ndinazula bango limene linkachirikiza duwa, ndinaligoneka pambali pawo kuyambira kuchidendene, n'kulithyola polekezera mutu.

Litangothyoka, tonse tinazindikira chimene ndachita. Kwathu munthu amayezedwa ndi bango kamodzi kokha, atamwalira, adzukulu akamapita kukakumba manda. Akhukhi, amene ankaonerera pakhomo la khitchini, anachita chizindikiro cha mtanda n'kulowa. Amuna anga anadzuka pang'onopang'ono, nkhope itasintha.

"Mukundiyeza ndili moyo?"

"Ndikukuyezani kuti asakuyezeni ena," ndinatero. Sindinapepese. Ndinagoneka bangolo kuchokera pa matailosi kamodzi, n'kuligonekanso kachiwiri, ndipo polekezera pake ndinakhoma zikhomo ndekha, nyundo ikuphonya. Ndinawauza kuti mzere wa zikhomowo asamaudutse, kaya kugwe chiyani m'madzimo.

Anatha sabata akundiyankha mawu amodziamodzi. Nkhani ya bango inafika kumudzi ine ndisanafike, akhukhi pakamwa pawo sipasunga kanthu. Apongozi anga aakazi anatumiza mawu ofunsa chimene mwana wawo anandilakwira. Pachitsime amayi ankasiya kulankhula ndikafika, ndipo wina anandiuza pamaso kuti zimene ndinachita ndi malodza. Ndinamuyankha kuti ayang'ane za m'nyumba mwake, koma mawu ake ndinapita nawo kunyumba. Bangolo sindinalitaye, ndinalisomeka kudenga, ndipo ndikaliona mtima unkandifunsa ngati sindinaitanedi tsoka ndi manja anga. Koma zingwe abambo sanadule. Zimenezo ndinkakaona ndekha ndikapititsa kabichi, ndisanapereke ndi moni womwe.

Chakudza sichiimba ng'oma. Munali mu Ogasiti, m'mawa wa mphepo, ine ndili kudimba. Njinga yamoto inaima pamsewu, bambo wa kabaza n'kukuwa kuti akundifuna ku loji, abambo agwa.

"Agwera pati?"

"Kaya, mayi, ine angondituma."

Sindikumbukira kuti ndinakwera bwanji. Ndimakumbukira matope kumapazi, ndi kuti ngalande ndinaisiya ikuthira mumzere umodzi. Njira yonse ndinkamufunsa funso lomwelo, iye n'kumandiyankha kaya yemweyo, mpaka ndinamumenya chibakera pamsana kuti athamange. Mantha amene ndinali nawo sindinawamvepo ngakhale pobereka. M'maso mwanga munali bango lija lokha.

Pageti ndinatsika njinga isanaime bwino. Kuseri kwa khitchini ndinapeza akhukhi ataima patali, epuloni ili pamphuno. Sindinawayang'ane kawiri, maso anga anapita pamadzi. Nsungwi ziwiri zija zinali pakati pa dziwe, chingwe chimodzi chikuyandama. Munthu munalibe.

Amuna anga anali pa kapinga. Abwana anali atagwada pambali pawo, atawagoneka cham'mbali, thaulo la alendo lili kunsi kwa mutu. Matenda anawagwira akukoka zingwe, ndipo anagwa chafufumimba, molunjika kumadzi. Kapinga anali atakandika kusonyeza mmene anaphiriphithira, kudutsa muyezo woyamba wa bango, kulowa wachiwiri. Dzanja lawo lamanja linali pa matailosi.

"Mayi, bwanji simunandiuze?" anatero abwana. M'mawu awo munalibe ukali, koma ndinadziwa kuti za ntchito zidzakambidwa, ndipo zinakambidwadi: lero abambo ali kumaluwa kokha, masiku ochepa pasabata, dziwe anapatsa wina. Nthawi imeneyo ndinangogwada n'kuyamba kuwagwiragwira, malaya, kolala, thalauza, tsitsi. Ndinabwerezanso chifukwa manja anga sindinawakhulupirire. Zonse zinali zouma.

Patapita nthawi anatsegula maso, osadziwa kumene ali, monga zimakhalira. Anayang'ana ine, anayang'ana abwana, kenaka anaona pamene panali dzanja lawo, ndi madzi kutsogolo kwake. Analibweza pang'onopang'ono n'kuliika pachifuwa.

"Mayi," anatero, lilime likulemera, "bango lija mukadali nalo?"

"Lili kudenga."

"Mawa mubwere nalo. Muligoneke kachitatu."